Lembani Dzina la Bambo

6 Febuluwale

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko, ndipo odwala ako sakukutopetsa kwambiri. Ine thupi lili bwino, za mtima usafunse. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni sindingathe. Alamu ako akadali m'nyumba muno, ndipo ukatsokomola kuchipinda amakumva kukhitchini.

Khala pansi kaye. Alamu ako akasuma kukhoti kuti banja lithe. Zaka makumi atatu ndi ziwiri, mng'ono wanga! Ati tatopetsana. Kutopetsanako kuli ndi nkhope, kumagulitsa tiyi ku kantini ya kuntchito kwawo, ndipo msinkhu wake ndi wa mwana wathu, Injiniya uja. Zimenezo ndalira ndatonthola. Chandilembetsa kalatayi ndi nyumba.

Ukudziwa kuti adzapuma pantchito mu Okutobala akubwerayu. Kudzera kwa loya wawo anena kuti andipatsa gawo limodzi mwa magawo atatu a penshoni, ziwiya za kukhitchini, ndi makina osokera. Makina anga omwe, akundipatsa ngati mphatso. Nyumba ati ndi yawo, anamanga okha.

Ukanaona zimene achita muno. Paja munthu wakhala kalaliki wa kosungira katundu moyo wake wonse. Loweruka anatenga timapepala tomata, nalemba manambala, n'kumata pa chinthu chilichonse. Mpando, nambala 14. Wailesi, nambala 22. Sefa yobooka ija, nambala 61. Ndinawafunsa kuti nanga ine nambala yanga ndi iti, sanaseke. Tsopano amagona kuchipinda cha alendo pamodzi ndi mafayilo awo, ndipo akamatuluka amakhoma.

Nanenso ndapeza loya, mayi wachichepere koma pakamwa pake ndi pakuthwa. Wandiuza kuti khoti limayang'ana chimene aliyense anaikapo pa chuma cha banja, ndipo misozi silimva, limafuna umboni. Apa ndiye pagona vuto. Malisiti onse a simenti, malata ndi mawindo ali m'dzina la alamu ako. Chikalata cha malo chimodzimodzi. Chikhalirecho nyumba ino inatuluka m'phazi langa ili, kupalasa makina mpaka mwendo kuchita dzanzi.

Ndiye ndakumbukira kuti zaka zimene tinkamanga ndinkakulembera mwezi ndi mwezi, ndipo iwe sutaya pepala. Chonde fufuza makalata amenewo unditumizire msanga, loya awaone. Mlandu ulowa pa 20 Juni. Ndikatuluka muno ndilibe kolowera. Makasitomala anga onse amadziwa khomo lino, ndipo pa msinkhu uno sindingakayambenso kusokera pakhonde la sitolo ya munthu.

Ndine mkulu wako.

22 Febuluwale

Achemwali,

Kalata yanu ndinaiwerengera pa masitepe nditangoweruka, yunifolomu ili m'thupi. Ndinakhala pomwepo mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anandifunsa ngati kwagwa maliro. Ndinamuyankha kuti pafupifupi.

Alamu amenewa! Ine ndinkawaika pamwamba kuposa amuna onse amene ndinawaonapo. Kodi ukalamba umayambira m'mutu? Zomata manambalazo zandiseketsa kenaka zandiliza. Musachotse kapepala ngakhale kamodzi, muwasiye, loya wanu adzaone mtundu wa munthu amene akulimbana naye.

Makalata alipo onse. Ali mu sutikesi yakale pamwamba pa wadiropu, omanga ndi lamba wa diresi limene munandisokera pochoka. Lamlungu lino ndili pa ofu, nditsitsa ndiwasankhe, Lolemba akhala ali panjira. Ndatumizanso kangachepe kothandizira kwa loya. Muzidya, achemwali, paja inu mukakhumudwa mumakhalira tiyi.

Mng'ono wanu.

9 Malichi

Alamu,

Ndikupereka moni mwaulemu. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda bwino. Ndikudziwa kuti panopa dzina langa silikukoma m'kamwa mwanu, choncho ndingonena mfundo zitatu.

Choyamba, sindikuthamangitsa munthu. Ndapereka gawo la penshoni mwa kufuna kwanga, khoti lisanandiuze. Penshoni imeneyo ndi thukuta langa la zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikapuma ndilibe pena podalira. Akulu anu ali ndi luso la m'manja, ine ndilibe.

Chachiwiri, nyumba ili ndi mapepala ake. Thumba lililonse la simenti lili ndi lisiti, ndipo malisiti onse ali mu fayilo, motsatana ndi madeti. Sindinabe kanthu.

Chachitatu, mwana wathu wandiuza kuti mayi ake akupemphani makalata akale. Ndasangalala, chifukwa nanenso ndikuwafuna. Akulu anu ankandiwerengera makalata amenewo asanamate envulopu, ndiye ndikudziwa zimene zilimo. Ndikupempha kuti mutumize mafotokope kwa tonse awiri, kuti pasakhale wobisa tsamba. Ndalama ya positi ndibweza.

Ine mlamu wanu.

18 Epulo

Iwe,

Moni sindikupatsa, chifukwa sindikudziwa ngati ukadali m'bale wanga. Unati Lolemba. Malolemba apita asanu ndi awiri. Ndayenda ku positi ofesi mpaka mayi wa pawindo amangopukusa mutu ndisanafike n'komwe. Foni yako ndikaimba imangolira.

Mwezi watha alamu ako anandipeza ndikuduladula nsalu pathebulo, nati, "Mlamu wanga ndamulembera. Ndi munthu wachilungamo ameneyo." Ananena akumwetulira. Munthu amene watha miyezi itatu osandionetsa mano. Ndiye tandiuza, analemba chiyani? Wakulonjeza chiyani? Kodi wagulidwa?

Sindifuna kukukumbutsa zakale, koma wandikakamiza. Sukulu ya unesi ija sinalipidwe ndi mphepo. Mayi atamwalira ndinakutenga uli ndi zipere m'mutu, ndinakugoneka pa bedi langa. Lero ndikupempha mapepala anga, olemba ndi dzanja langa, iwe ziii.

Lachinayi kunabwera munthu wodzaona mtengo wa nyumba, wotumidwa ndi maloya. Analowa ndi tepi yake mpaka m'chipinda chosokera, ine ndikuyesa diresi mayi wina, mapini ali kukamwa. Anandipempha kuti ndimugwirire nsonga ya tepi. Ndinagwira, mng'ono wanga. Ndinamuthandiza kuyeza nyumba yanga kuti adziwe poigulitsira. Atachoka, kasitomala uja anandifunsa ngati diresi lake lidzathe ndisanasamuke.

Kwatsala miyezi iwiri. Loya akundifunsa tsiku ndi tsiku. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Ngati wasankha mbali ya alamu ako, ingonena, ndidziwe kuti ndili ndekha.

Mkulu wako, ngati ukundiwerengerabe.

3 Meyi

Achemwali,

Mawu anu andipweteka, koma sindikubwezerani. Palibe wandigula. Alamu sindinawayankhe ndipo sindidzawayankha. Foni sindinkayankha chifukwa ndinalibe poyambira.

Sutikesi ndinatsitsa Lamlungu lomwe lija. Makalata a zaka zomanga alipo makumi anayi ndi imodzi. Ndinawawerenga onse, ndinabwerezanso, kufunafuna mzere umodzi wokha wokuthandizani. Tamverani zimene munalemba.

"Alamu ako agula malata makumi atatu, a geji yabwino."

"Alamu ako amaliza kulipira amisiri, tsopano ati ayambe khonde."

"Ndili ndi mwayi ine. Mwamuna wanga salawa tulo chifukwa cha nyumbayi."

Onse ali choncho, achemwali. Palibe ngakhale pamodzi pamene munalemba kuti ndagula. Za makina anu mumangozitchula kumapeto, kuti ndikusokasoka pang'ono kuti ndisagone masana. Ndi chifukwa chake alamu akumwetulira, nawonso akuwafuna makalatawa. Ndikanawatumiza Lolemba lija, ndikanakhala ndakutumizirani chingwe chodzimangirira.

Tsopano ndinene zanga, poti mwayamba ndinu kukumba zakale. Chimodzi mwa ziwiri ndi bodza, kalata yanu ya Febuluwale kapena makalata makumi anayi ndi imodzi awa. Ngati bodza ndi awa, ndiye kuti mwandinamiza zaka zonsezi, ine mng'ono wanu wa bere limodzi. Mukudziwa kuti ndinkawerengera anzanga makalata amenewa? Mukumukumbukira mphunzitsi uja amene ankafuna kundikwatira? Ndinamukana chifukwa ankati nyumba tidzamanga mothandizana, aliyense aziikapo. Ndinamuuza kuti alamu anga amamanga okha, mkazi wawo amangosankha makatani. Anakwatira wina, ali ndi zidzukulu. Ine ndili muno ndi sutikesi ya makalata.

Sindikuti munandilakwira dala. Koma ndakwiya, ndipo ndikufuna zoona. Nyumbayo anamanga ndani?

Mng'ono wanu, amene sanagulidwe.

17 Meyi

Mng'ono wanga,

Pepa. Pepa chifukwa cha kalata yoipa ija, ndipo pepa kwambiri chifukwa cha mphunzitsi. Sindinkadziwa. Ndawerenga mizere imene wakopera ija kangapo. Ukhulupirire kapena ayi, ndinaiwala kuti ndinalemba choncho. M'mutu mwanga ndinkakumbukira ndikukudandaulira za mwendo ndi msana. Kani ndinkangodandaula mumtima, cholembera chikulemba zina.

Zoona ndi izi, ndipo sindinauzepo munthu kufikira sabata ino. Chaka chimene tinakumba maziko, kuntchito kwa alamu ako kunasowa katundu. Anawaimitsa ntchito popanda malipiro, zaka ziwiri ndi miyezi itatu, kufikira zitadziwika kuti wakuba anali wina. Alamu ako anatheratu. Ankakhala pamphepete pa bedi atavala sokosi imodzi, kuyang'ana khoma. Ndinaopa kuti adzipweteka. Ndiye ndinkawasitira shati m'mawa uliwonse, kuwapatsa chikwama ndi ndalama ya basi, iwo n'kumakakhala ku laibulale mpaka nthawi yoweruka. Anthu oyandikana nawo sanadziwe. Mwana sanadziwe, anali sitandade 3.

Nthawi yomweyo ine ndinapeza oda ya mayunifolomu a sukulu ziwiri. Ndikalandira ndalama tinkapita limodzi ku sitolo ya zomangira. Pakhomo pa sitolo ndinkawapatsira ndalamazo m'manja mobisa kuti alipire okha. Wogulitsa akafunsa kuti lisiti tilembe ndani, ine ndinkayankha msanga, "Lembani dzina la bambo." Ukanaona mmene ankawongokera msana potuluka. Tikafika kunyumba ankaboola lisiti lija bwinobwino n'kuika mu fayilo, ndipo tsiku limenelo ankadya. Makalata amene ndinkakulembera ndinkawawerengera iwo pa chifukwa chomwecho, kuti amve kuti kunja kuno akadali munthu.

Makoma, denga, mawindo, zonse zinakwera m'zaka ziwiri zimenezo. Atabwerera kuntchito anaikapo siling'i ndi mpanda, zimenezo sindikana. Koma chizolowezi chinatsala. Alendo akayamikira nyumba ndinkati ndi bambo awa, iwo n'kugwedeza mutu. Agwedeza mutu zaka zambiri moti ndikuona kuti tsopano amakhulupirira ndithu. Sakunama, mng'ono wanga, ndicho chikundiopsa. Bodza ndinawasokera ine, ndipo linawakwana.

Loya nditamuuza anaimirira pampando. Akuti kampani inawabwezera zaka zija ngati sanaimepo, ndiye mapepala a penshoni saonetsa kanthu. Kalata yowaimitsa ntchito ili mu fayilo yawo, ndipo sangaitulutse okha. Koma ine ndikanena m'khoti nditalumbira, iye adzawafunsa nawonso atalumbira, ndipo munthu wa mapepala ngati uja sangakane deti. Akuti ndikatero nyumba ingathe kukhala yanga, n'kulandirakonso gawo la penshoni. Ndikapanda kunena, zili m'manja mwa woweruza.

Makalatawo usatumize kwa wina aliyense. Undipempherere.

Mkulu wako.

2 Juni

Achemwali,

Ndalira, ndakukhululukirani, ndipo za mphunzitsi tisazitchulenso. Makalata ndabwezera pamwamba pa wadiropu, satsikanso.

Koma ndakuwerengani bwino. Mwalemba kuti "ndikanena" ndi "ndikapanda kunena," ngati pali zosankha. Palibe zosankha apa. Nenani! Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, loya sangakunenereni. Munthu amene munkamusitira shati ndi yemweyo wamata nambala pa sefa yanu. Iye akukuphimbani pati?

Ndikudziwa chimene chikukugwirani pakhosi. Ndi Injiniya, poti amawaona bambo ake ngati phiri. Achemwali, mwanayo ndi wa ndevu, ali ndi ana awiri. Sadzafa chifukwa chomva kuti bambo ake anakhalapo pa laibulale. Ndipo palibe chamanyazi, anawanamizira. Muuzeni nokha tsiku lisanafike, kapena mumuuze asabwere kukhoti.

Muziyeserera kunena mokweza mukamasoka. Ndinagula ndine. Ndinalipira ndine. Pakamwa panu sipanazolowere mawu amenewa.

Tchuthi andikaniza, koma pa 20 ndidzakhala ndi foni m'thumba la yunifolomu.

Mng'ono wanu.

16 Julayi

Mng'ono wanga,

Ndikudziwa waimba kambirimbiri. Tsopano ndi ine amene ndinalibe poyambira. Chigamulo chatuluka Lachiwiri, ndiye ndikuuze zonse mwa dongosolo.

Ndinayeserera monga unanenera. Ndinanena kwa makina, kwa galasi, kwa chidole choyesera madiresi. Mwana ndinamuuza kuti asabwere, koma chifukwa chake sindinamuuze.

Chipinda cha khoti ndi chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira, mabenchi anayi ndi fani yolira. Alamu ako anabwera ndi mafayilo atatu, atavala jekete imene ndinaibweza manja chaka chatha. Loya wawo anawerenga malisiti limodzilimodzi pafupifupi ola lathunthu. Kenaka anandiitana, ndinalumbira. Nditatembenuka ndinaona Injiniya ali pa benchi yakumbuyo, wabwera ndithu, wakhala pakati penipeni kuti asaoneke ngati ali mbali ya wina.

Loya wanga anandifunsa za ntchito yanga, ndinayankha bwino. Za maoda a mayunifolomu, ndinayankha bwino. Kenaka anati, "Mayi, m'zaka ziwiri zimene makoma ndi denga zinkakwera, amuna anu ankagwira ntchito kuti?"

Ndinayang'ana alamu ako. Sanali kumwetulira. Anazindikira kumene funso likupita, ndipo nkhope yawo inagwa n'kukhala ija ya pamphepete pa bedi. Dzanja linali pa fayilo. Kumbuyo kwawo mwana anali atatsamira kutsogolo kuti amve bwino.

Ndinati, "Ankapita kuntchito m'mawa uliwonse."

Loya anafunsanso mwa njira ina, mawu ake atauma. Anati, "Nanga ndalama za malata zinachokera kwa ndani?" Ine ndinamva pakamwa panga pakuti, "Tinkathandizana ndi bambo." Anatseka kope lake n'kukhala pansi. Titatuluka n'kufika pa geti anati, "Mayi, ine ndimamenyera anthu amene akufuna kupambana."

Usandifunse chifukwa chake. Sindiwakondanso, zimenezo ndikutsimikiza. Ndakwiya ndi iwo, koma ndakwiya kwambiri ndi ine mwini, mpaka chakudya sichikulowa. Palibe anandigwira pakamwa. Ndinangolephera kumuvula munthu pamaso pa mwana wake, ngakhale iye anali atabwera kudzandivula ine.

Woweruza anati zaka makumi atatu ndi ziwiri si masewera, ndipo malisiti okha sangafufute ntchito ya mkazi. Koma anatinso palibe umboni woti wina anaikapo zambiri kuposa mnzake. Choncho zonse pakati ndi pakati, penshoni theka, nyumba theka. Nyumba igulitsidwe tigawane, pokhapokha wina atagula gawo la mnzake pasanathe masiku makumi asanu ndi limodzi.

Maloya atawerengera, theka langa la penshoni likungofanana ndi theka lawo la nyumba, kusiyana kwake ndi kochepa. Dzulo ndasaina. Penshoni yonse ndawasiyira, nyumba ndatsala nayo. Loya anandichenjeza katatu kuti nyumba sadya, ndipo ndikadwala ndilibe pogwira. Ndinamuuza kuti ndamva.

Alamu ako asamuka Loweruka likubwerali. Posaina sanandiyang'ane. Titatuluka anaima pafupi nane pa khonde la ofesi, anatsegula pakamwa, ine n'kudikira. Anati, "Makiyi a mpanda ndisiya pawindo." Basi. Injiniya akuti wanyadira kuti makolo ake asiyana mwaulemu, popanda kutukwanizana, ndipo wayamikira bambo ake kuti andisiyira nyumba yawo.

Ndiye ndi zimenezo, mng'ono wanga. Nyumba ino ndaigula kawiri, ndipo ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Ndinkati chaka chamawa ndipumule, ndizingosoka za zidzukulu. Lero m'mawa ndalandira oda ya madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi, ofunika pakutha pa mwezi, ndipo ndavomera osafunsa n'komwe mtundu wa nsalu.

Ndalama usatumize. Koma ukapeza wobwera kuno, undigulire magalasi amphamvu kuposa amene ndili nawowa. Diso la singano layamba kundithawa, ndipo ndiyenera kumaliona zaka zina khumi.

Ndine mkulu wako.